GEORGE CADBURY, 1839–1922: WAMALONDA AMENE ANALI MPHUNZITSI

Dzina la Cadbury lidziwika m'masitolo a maiko ambiri, pakuti lilembedwa pa mapepala okulunga cokoleti ndi pa zitini za koko. Koma ali owerengeka amene adziwa kuti munthu amene anakuza dzinali anali mphunzitsi zaka zoposa 50, wosalandira malipiro, ndi kuti zambiri zimene anacita pa malonda ace anaziphunzira kwa ophunzira ace. Iye anakhala ndi moyo zaka 83, nabala ana 11, nalemba nchito anthu zikwi zambiri. M'mbiri yace muli zokoma zoculuka. Mulinso banga limodzi lalikulu, limene likhudza anthu a mu Afrika. Zonse ziwiri ziyenera kunenedwa.

Kubadwa ndi Ubwana Wace

George Cadbury anabadwa pa 19 September 1839 ku Edgbaston, m'mbali mwa mzinda wa Birmingham ku England. Atate wace, John Cadbury, anali ndi sitolo mu Bull Street imene anaitsegula mu 1824, yogulitsa tiyi, khofi ndi koko, ndipo pambuyo pace anayambanso kupera koko m'fakitale yaceyace. Banjali linali la mpingo wa Abwenzi, ochedwa Quakers. Abwenzi a ku England alibe ansembe; asonkhana ali cete, ndipo amene mtima wamuumiriza kulankhula ndiye aimirira. Akana nkhondo, akana kulumbira, ndipo anali pakati pa oyamba kutsutsa ukapolo. Masiku amenewo khomo la masukulu apamwamba a Oxford ndi Cambridge linali lotsekeka kwa iwo cifukwa sanali a Mpingo wa England, ndipo usilikali anaukana okha. Cotero ambiri a iwo analowa malonda, nachuka cifukwa ca miyeso yoona ndi mitengo yosanyenga.

John Cadbury anali wodana ndi mowa, ndipo anayembekeza kuti anthu osauka akazolowera koko adzaleka kuledzera. Analera ana ace mosawalekerera: kudzuka mamawa, kuwerenga Buku Lopatulika, kuyenda pansi, ndi kusafuna zokometsera. Malonda ace anayenda bwino kufikira 1854, pamene analandira ulemu wa kupangira koko Mfumukazi Victoria. Koma mu 1855 mkazi wace Candia anamwalira ndi cifuwa cacikulu, ndipo mtima wa John unasweka. Thupi linafooka, ndi malonda omwe anayamba kubwerera m'mbuyo. George, amene anali ndi zaka 15, analakalaka kuphunzira udokotala; koma analeka sukulu, ndipo patapita kanthawi anatumizidwa ku York kukaphunzira malonda m'sitolo ya banja lina la Abwenzi, la a Rowntree.

Zaka za Usiwa

Mu 1861 John anapereka malonda m'manja mwa ana ace awiri, Richard wa zaka 25 ndi George wa zaka 21. Fakitale ya mu Bridge Street inali itatsala ndi anchito ngati 11, ndipo caka ndi caka inalikutaya ndalama. Anyamatawa anali ndi mapaundi 4,000 yense, colowa ca kwa amai wao, ndipo anaika ndalamazo m'malonda. Anapangana kuti sadzakongola kwa munthu. Ndalama zikayandikira kutha adzatseka fakitale akali ndi zokwanira kulipira yense amene anali naye mangawa, pakuti kwa Abwenzi kugwa ndi ndalama za ena kunali manyazi aakulu. George analeka kumwa tiyi ndi khofi, nalekanso kugula nyuzi, kuti asunge makobiri. Zitapita zaka zinai, ndalama za Richard, amene anali ndi banja, zinali pafupi kutha, ndi za George zinatsala zosakwana theka.

Cobvuta cinali mu koko mwini. Nyemba ya koko iri ndi mafuta ambiri, oposa theka la kulemera kwace, kupambana ndi nsawa zomwe. Akaipera ndi kuithira m'madzi otentha, mafutawo ayandama, ndipo cakumwaco cikhala conona cosamweka. Opanga koko a masiku amenewo analikusakaniza ufa wa mbatata ndi ufa wina kuti umwe mafutawo, kotero kuti munthu analikumwa phala, osati koko. Ndipo ena osaopa Mulungu analikuthiramo ngakhale fumbi la njerwa kuti maonekedwe afiire. George anamva kuti ku Holland banja la van Houten liri ndi makina ofinya mafutawo. Anapita komweko, ngakhale sanadziwe cinenero cao, nagula makinawo ndi ndalama zotsala. Pa kutha kwa 1866 abalewo anayamba kugulitsa koko wosasakaniza kanthu, wochedwa Cocoa Essence. Madokotala anamuyamikira, ndipo pamene Boma linaika malamulo oletsa kusakaniza zakudya mobisa, mu 1872 ndi 1875, anthu anacurukira kwa amene katundu wao anali woona kale. Mafuta ofinyidwa aja sanatayidwe, koma anasanduka maziko a cokoleti cakudya. Kuyambira pamenepo malonda sanabwererenso m'mbuyo.

Kalasi la ku Severn Street

M'zaka zonsezi za usiwa panali nchito ina imene George sanaileke. Mu 1859, ali ndi zaka 20, anayamba kuphunzitsa m'sukulu ya akulu ya mu Severn Street, imene Joseph Sturge, wa mpingo womwewo, anaiyambitsa mu 1845. Pa nthawiyo ku England kunalibe lamulo lokakamiza ana kupita ku sukulu, ndipo amuna ambiri a m'mafakitale anakula osadziwa kulemba dzina lao. Sukuluyo inalikusonkhana Lamulungu mamawa, dzuwa lisanakwere, pakuti masiku ena onse anthuwo anali ku nchito. Poyamba analikuphunzira kulemba ndi kuwerenga. Pambuyo pace analikuwerenga Buku Lopatulika ndi kukambirana. Ophunzira anali osula, onyamula katundu, oledzera, ndi ena amene anatuluka m'ndende. Sanafunsidwe za mpingo wao kapena za zobvala zao.

Kalasi la George linachedwa Class XIV. Linayamba ndi anthu owerengeka, nilikula kufikira mazana, nilibala nthambi m'madera ena a mzinda. Ndipo amuna zikwi anapyola m'manja mwace. Ophunzira akale anasanduka aphunzitsi a atsopano, ndipo anali ndi thumba losungira ndalama kuti malipiro asathere ku mowa. Atalemera ndi kusamukira kunja kwa mzinda, iye sanapereke kalasilo kwa wina. Analikudzuka kukali mdima, nayenda mailosi angapo, poyamba pa kavalo ndipo pambuyo pace pa njinga, m'dzinja ndi m'cisanu momwe, atanyamula maluwa a m'munda mwace kuti amunawo akapatse akazi ao. Anatero kufikira atapitirira zaka 70.

Cimene cinatembenuza moyo wace ndico kuceza m'nyumba za ophunzira. Mphunzitsi wa sukuluyo anayenera kulondola wophunzira amene wajomba, ndipo m'kutero George analowa m'malo amene anthu olemera sanalikupondamo. Nyumba za osauka a ku Birmingham zinamangidwa zogundana misana, zopanda zenera la kumbuyo, zozungulira kabwalo ka matope kamene mabanja ambiri analikugawana mpopi umodzi ndi zimbudzi zowerengeka. Utsi unaphimba dzuwa, ndipo ana ambiri analikufa asanathe caka. Iye anaona amuna amene analonjeza ndi mtima wonse kuleka mowa alikugwanso patapita milungu yowerengeka. Ndipo anazindikira kuti cifukwa cace sicinali kuuma mtima kokha. Munthu woweruka ku nchito ali wotopa, wofika m'cipinda ca mdima codzala ndi ana olira, analibe pena pokhala koma ku nyumba ya mowa, kumene kunali moto ndi nyali. Phunziro la ora limodzi pa Lamulungu silikanatha kulimbana ndi masiku asanu ndi limodzi a m'nyumba yotere. George anatsimikiza mumtima kuti wofuna kukweza munthu ayenera kukonzanso pokhala pace.

Fakitale ya M'munda

Pamene malo a mu Bridge Street anacepa, abalewo sanafune malo ena m'mzinda, monga anacitira eni mafakitale onse. Mu 1878 anagula munda wa maekala 14 ndi theka, mailosi 4 kumwera kwa Birmingham, pambali pa njanji ndi ngalande ya mabwato, pafupi ndi kamtsinje kochedwa Bourn. Anacha malowo Bournville, ndipo mu 1879 anasamukirako ndi anchito oposa 200. Amalonda anzao anawaseka, poganiza kuti fakitale ya kuthengo idzagwa.

Kumeneko anchito anapeza zimene sanazione kwina: zipinda zodyeramo zofunda, poumitsira zobvala za mvula, mabwalo a mpira ndi minda yopumuliramo. Loweruka analikuweruka masana. M'mawa mwini ndi anchito analikusonkhana kuwerenga Mau a Mulungu, mwambo umene unayamba akali ku Bridge Street. M'zaka zotsatira kunabwera dokotala ndi wozula mano, malo osambira, ndi thumba la penshoni mu 1906. Anyamata ndi atsikana olembedwa nchito anayenera kupitiriza maphunziro. Poyamba madzulo, koma kuyambira 1913 kunali sukulu ya masana imene analikupitako pa nthawi ya nchito, malipiro osadulidwa. George analamulira fakitale monga atate alamulira nyumba, ndipo ulamuliro wotere unali ndi kuuma kwace. Mtsikana akakwatiwa analandira Buku Lopatulika ndi duwa, nchito niithera pomwepo, pakuti iye anakhulupirira kuti malo a mkazi wokwatiwa ndi pa ana ace. Lamulo limeneli linapweteka mabanja ena osowa, ndipo linatha iye atamwalira kale.

Pa Banja Pace

George anadikira kukwatira kufikira malonda atakhazikika. Mu 1872 anakwatira Mary Tylor, amene anambalira ana 5. Mary anamwalira mu 1887, wamng'ono wa anawo akali wa zaka ziwiri; ndipo George, amene anadziwa yekha kuwawa kwa umasiye, anaona ana ace alikulowa m'njira yomweyo. Mu 1888 anakwatira Elizabeth Taylor wa ku London, amenenso analikuphunzitsa ana a osauka. Elizabeth analera ana opeza monga ace, nabalanso ena 6, wotsiriza mu 1906. Anakhala m'banja zaka 34, ndipo nchito zambiri zimene zichulidwa ndi dzina la George anazigwira awiri.

Ngakhale anali ndi cuma cambiri, moyo wa pa nyumba unali wosadzionetsera. Mowa sunalowemo. Tsiku linalikuyamba ndi kuwerenga Mau pamodzi, ndipo ana aamuna atakula analowa m'fakitale kuphunzira nchito kuyambira pansi. Nyumbayo sinali ya iwo okha. Atasamukira ku Manor House ku Northfield mu 1894, George anamangitsa cinyumba m'munda mwace mokhala anthu 700, ndipo m'nyengo ya dzuwa magulu a ana a m'makwalala a Birmingham analikubwera kudzasewera pa udzu, kusambira ndi kudya, ngati 25,000 pa caka. Nyumba ina yochedwa The Woodlands anaipereka kuti ikhale cipatala ca ana opunduka, ndipo analikuwacezera Lamulungu madzulo atawatengera cokoleti. Nyumba yace yakale ya Woodbrooke anaipereka mu 1903 kuti ikhale sukulu ya Abwenzi. Pozungulira pace panaphuka masukulu a Selly Oak, kumene amishoni ambiri opita ku Afrika ndi ku Asia anaphunzira.

Ndi mkulu wace Richard anagwirizana zaka 38 osagawana. Richard anamwalira mwadzidzidzi ku Yerusalemu mu 1899 ali pa ulendo. George anatenga ana awiri a mkulu wace, Barrow ndi William, nawaika pa utsogoleri wa kampani pamodzi ndi ana ace Edward ndi George wamng'ono, wosasiyanitsa. Anyamatawa ndiwo anatulutsa cokoleti ca mkaka cochedwa Dairy Milk mu 1905, cimene cigulitsidwa kufikira lero.

Mudzi wa Bournville

Zimene anaziona m'nyumba za ophunzira ace sizinamcoke mumtima. Kuyambira 1893 anayamba kugula ndi ndalama zace minda yozungulira fakitale, naitana mmisiri wacinyamata, William Alexander Harvey, kuti alembe mapulani a mudzi. Nyumba iriyonse inayenera kutenga gawo losaposa limodzi mwa magawo anai a malo ace. Kotsalako kunali dimba, mmene anabzalamo mitengo ya zipatso mwini asanalowe. Miseu inali yotakata ndi ya mitengo, ndipo gawo lakhumi la dziko lonse linasiyidwa la mabwalo ndi mapaki. Nyumba ya mowa sinaloledwe. Nyumbazo sizinali za anchito a Cadbury okha. Ali yense akanatha kukhalamo, kuti munthu wocotsedwa nchito asacotsedwenso m'nyumba, ndi kuti olemera pang'ono ndi osauka akhale moyandikana.

Mu December 1900 anacita cinthu cimene cinadabwitsa ambiri. Anapereka mudzi wonse, maekala 330 ndi nyumba 313, za mtengo woposa mapaundi 170,000, m'manja mwa gulu losunga lochedwa Bournville Village Trust, nadzimana yekha ndi ana ace phindu lonse la mudziwo. Lendi yonse inayenera kubwerera ku kukonza nyumba ndi kumanga zina. Cimeneci cinali colowa ca ana ace. Koma iye anakhulupirira kuti cuma cambiri cosagwirira nchito ciononga ana, ndipo anafotokozera banja lace asanacite, iwo nabvomera. Mu 1906 iye ndi mkazi wace anamangira mudziwo sukulu ya ana, naika pa nsanja yace mabelu oyimba nyimbo. Anthu a maiko ambiri anabwera kudzaona, ndipo omanga midzi yatsopano ku England anatengerako nzeru.

Anafunanso kuti malamulo a dziko asinthike. Mu 1901, pa nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, anagula gawo la nyuzi ya ku London yochedwa Daily News kuti pakhale liu lotsutsa nkhondoyo, ndipo pambuyo pace anaitenga yonse. Anacotsamo nkhani za njuga ndi zolengeza mowa, nataya nazo ndalama zambiri. Nyuziyo inamenyera penshoni ya okalamba, imene inakhala lamulo mu 1908. Inaululanso za akazi osoka zobvala m'nyumba pa malipiro a njala, ndipo inadzudzula kwambiri kutenga anchito a ku China kukawatsekera m'makomboni a migodi ya ku Transvaal, nikucha ukapolo.

Koko wa Akapolo

Mau amenewo anamtembenukira. Pafupifupi theka la koko wa ku Bournville linalikucokera ku São Tomé ndi Príncipe, zisumbu ziwiri za Apwitikizi m'nyanja ya kumadzulo kwa Afrika. Pa mapepala, ukapolo unali utatha m'maiko a Apwitikizi m'zaka za m'ma 1870, ndipo olima koko anachedwa anchito a pangano la zaka 5. Koma zoona zace zinali zina. Anthuwo analikugulidwa kapena kugwidwa m'kati mwa Angola ndi kupitirira, kufikira ku maiko a Alunda ndi Aluvale ku magwero a Zambezi, kumene amalonda ochedwa Mambari analikufika ndi mfuti, onga ndi nsalu. Analikuwayendetsa miyezi m'magoli kupyola ku Bihé kufikira ku gombe la Benguela. Kumeneko mkulu wa Boma analikuwawerengera pangano m'cinenero cimene sanacimve, nawakweza m'combo. Anali ngati 4,000 caka ciri conse. Ambiri anafa m'zaka zoyamba, ana obadwa kumeneko anakhala a mwini munda, ndipo pa zaka zimenezo panalibe wobwerera kwao.

Kampani inamva za izi mu 1901. Nkhaniyo inaikidwa m'manja mwa William, mwana wa Richard, amene anapita ku Lisbon mu 1903 nalandira malonjezo a kukonza zinthu. Mu 1905 a Cadbury ndi opanga cokoleti ena anatuma Joseph Burtt kukafufuza. Iye anatha pafupi zaka ziwiri ku zisumbuzo ndi ku Angola, nabwera ndi umboni wakuti unalidi ukapolo. Mtolankhani Henry Nevinson, amene anayenda yekha m'njira ya akapolo naona magoli otayidwa ndi mafupa a anthu, anafalitsa buku lace mu 1906, napempha kuti Angerezi aleke kugula. Koma Boma la Britain, mwa nduna yace Sir Edward Grey, linapempha kuti adikire pamene lilikukambirana ndi Portugal. A Cadbury anadikira. Anaganiza kuti wogula wamkulu ali ndi mau kwa eni minda, koma akaleka kugula mau ace atha, ndipo koko adzangopita kwa ogula a maiko ena. Anapitiriza kugula, ndipo m'zaka zimenezo analipira mapaundi oposa miliyoni imodzi.

Mu September 1908 nyuzi yochedwa Standard inawanena kuti ali onyenga: osamalira atsikana a ku Bournville ndi olirira anchito a ku Transvaal, koma olemera ndi thukuta la akapolo. William anapita yekha ku zisumbuzo napeza kuti malonjezo sanasungidwe, ndipo mu March 1909 a Cadbury, a Fry ndi a Rowntree analeka kugula koko wa kumeneko. Kampani inasumira Standard mlandu wa kuipitsa dzina, umene unazengedwa ku Birmingham pa kutha kwa caka comweco. George, nkhalamba ya zaka 70, anaimirira m'bwalo nafunsidwa ndi Sir Edward Carson, loya wa nyuziyo, za anthu amene anafa m'zaka zimene iye analikudikira. Oweruza anapeza kuti Standard inalakwa. Koma cipepeso cimene anagamula cinali farthing imodzi, ndiyo gawo limodzi mwa magawo anai a peni, kakobiri kocepetsetsa m'dziko lonse. Anthu onse anamva tanthauzo lace.

Olemba mbiri atsutsana pa nkhaniyi kufikira lero. Ena aona kuti a Cadbury anataya ndalama zao kufufuza coipa cimene ogula ena sanacilabadire, ndi kuti umboni wao unathandiza kuti m'zaka zotsatira anthu ena ayambe kubwezedwa kwao. Ena aona kuti analeka kugula atapeza kale koko wina ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, kumene anayamba kugula mu 1908 kwa alimi a ciAfrika olima minda yaoyao. Cosatsutsika ndi ici: kuyambira 1901 kufikira 1909 zinapita zaka 8, ndipo caka ciri conse zombo zinanyamula anthu ena zikwi. Munthu amene sanathe kupirira kuona mwana mmodzi wa ku Birmingham m'cipinda ca mdima anatha kudikira zaka zimenezo, pakuti a ku São Tomé sanawaone ndi maso, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene anamdziwa dzina.

Ukalamba ndi Imfa

Mu 1914 anchito a kampani anamanga nyumba yopumuliramo pakati pa bwalo la mudzi, yokumbutsa zaka 25 za ukwati wa George ndi Elizabeth. Caka comweco nkhondo yaikulu inabuka, niilowa m'banja la munthu amene anatsutsa nkhondo moyo wace wonse. Mwana wace Laurence anatsata njira ya Abwenzi, napita ku France ndi gulu lonyamula ovulala, losagwira mfuti. Koma Egbert analowa usilikali wa ndege, ndipo anali pakati pa amene anagwetsa zombo za mumlengalenga za Ajeremani zochedwa Zeppelin, mu 1916 ndi mu 1918. Cinali cowawa kwa atate wokalamba. Komabe mpingo wace uphunzitsa kuti munthu ali yense atsate cikumbumtima cace, ndipo iye sanakane mwana wace. Nkhondo itatha, Egbert analowa m'malonda a banja, nakhala mmodzi wa otsogolera kampani ya Fry, imene inaphatikana ndi ya Cadbury mu 1919.

George Cadbury anamwalira kwace ku Manor House pa 24 October 1922. Anthu oposa 16,000 anasonkhana pa bwalo la Bournville kumkumbukira, ndipo pakati pao panali amuna okalamba amene iye anawagwira dzanja polemba cilembo cao coyamba. Phulusa lace linaikidwa pa nyumba yosonkhanira Abwenzi m'mudzi momwemo. Elizabeth anapitiriza nchito za masukulu ndi zipatala kufikira imfa yace mu 1951, ali ndi zaka 93.

Kampani imene George anaipulumutsa ndi makina a ku Holland siiri m'manja mwa banja lace tsopano. Mu 2010 inagulidwa ndi kampani ya ku America yochedwa Kraft. Koma mudzi umene anaupereka sunagulidwe, pakuti sunali wa banja kapena wa kampani. Bournville Village Trust iusunga kufikira lero, ndipo nyumba zace zaculuka kufikira zikwi. Cimene anacigwira cinapita kwa alendo, ndipo cimene anacipereka cikalipo.

Mudzi umenewo unayambira m'kalasi, kwa mnyamata wa zaka 20 amene analondola wophunzira wojomba kufikira pa khomo pace. Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi alibe cuma ca Cadbury, koma khomo la wophunzira liri pafupi naye kuposa m'mene linaliri kwa iye. Ndipo mwana wogona m'kalasi, kapena wosowa pa nyengo ya kupalira, cifukwa cace cipezeka kawirikawiri kumeneko, osati m'kaundula. Ndipo pophunzitsa za maiko akutali ndi za katundu wocokera kumeneko, mphunzitsi yemweyo angathe kuuza ana za anthu amene manja ao analima ndi kukolola, kuti ana asakule ndi cifundo cofika pokha pamene maso ao afika.